IBM 7090 ndi IBM 1401: iti inathandiza anthu ambiri?

Makompyuta awiriwa, a kampani ya ku America ya IBM, anabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, onse a matransistor (tizipangizo tating'ono towongolera magetsi) m'malo mwa mababu otentha omwe makompyuta akale ankagwiritsa ntchito, koma ntchito zawo zinali zosiyana.

7090 inali ya asayansi. Inkathamanga maulendo 6 kuposa kompyuta yakale ya IBM 709, ndipo bungwe la ku America loona za mumlengalenga la NASA linkaigwiritsa ntchito powerengetsa njira za zombo zake zonyamula anthu zotchedwa Mercury. Mtengo wake, pafupifupi madola 2.9 miliyoni, ankaukwanitsa ndi mabungwe akuluakulu okha.

Koma ine mtima wanga uli pa 1401. Kampani wamba inkatha kuibwereka pa madola 2,500 pamwezi n'kumakonzera malipiro a antchito. Pulinta yake ya 1403 inkasindikiza mizere 600 pa mphindi, ikusokosa ngati chigayo. IBM inapanga makompyuta a 1401 oposa 10,000. Ngakhale eni 7090 ankakhalanso ndi 1401 yoti iziwerenga makadi oboola osungapo chidziwitso n'kusamutsira pa tepi, kuti yaikuluyo isamataye nthawi.