Lamulo la Newton ndi la Coulomb: Ana a Mimba Imodzi

Mukaika lamulo la Newton la 1687, lonena za kukokana kwa zinthu chifukwa cha kulemera kwake, pambali pa la Coulomb la 1785, lonena za mphamvu ya pakati pa zinthu zokhala ndi magetsi, mudzaona kuti akufanana kwambiri. Onse awiri amati mtunda wa pakati pa zinthu ziwiri ukawirikiza kawiri, mphamvu imachepa kanayi. Newton amachulukitsa kulemera kwa zinthu ziwiri ndi nambala yosasintha yotchedwa G, Coulomb amachulukitsa magetsi ali m'zinthuzo ndi nambala ina yosasintha yotchedwa k.

Koma manambalawa ndi otalikirana zedi. G ndi 6.67 × 10⁻¹¹, pomwe k ndi pafupifupi 9 × 10⁹. M'kati mwa atomu ya haidrojeni, chikoka cha magetsi chimaposa cha kulemera kuwirikiza pafupifupi 10³⁹.

Chondidabwitsa n'chakuti mphamvu yofookayo ndiyo imayendetsa mapulaneti. Iyo imangokoka basi. Magetsi amakoka ndi kukankha komwe, moti m'zinthu zikuluzikulu amathetsana okhaokha.