Kukonzetsa CV pa Chitakale

Pa Chitakale ku Mulanje pali kashopu kosindikizira makalata komwe mayi wina, amene anagwirapo ntchito m'mabungwe, amaunikanso ma CV. Ndinapitako ndi yanga ya masamba asanu, ndikusaka ntchito yoyang'anira mapulojekiti.

Anaiwerenga mwakachetechete, cholembera chofiira chili m'manja. Kenako anati: "Achimwene, mwalemba kuti munkayang'anira ntchito yokonzanso mijigo namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023. Mijigo ingati? Bajeti inali ndalama zingati? Munamaliza pa nthawi yake?" Kunena zoona, zinandiwawa. Ndinayamba kudziteteza kuti zonsezo ndikafotokoza pa intavyu, iwo n'kundidula: "Mukafikako bwanji?"

Anafufuta sukulu ya pulayimale, mpingo, ngakhale zoti ndimakonda bawo. Bawoyo ndiye ndinamudandaula. Anasiya zogwirika zokhazokha: anthu amene ndinkawatsogolera, malipoti a mwezi ndi mwezi, kagulidwe ka zipangizo, zokambirana ndi mafumu komanso a kukhonsolo. Masamba anatsala awiri.

Pamodzi pokha sindinawamvere. Ankafuna ndiike PRINCE2, maphunziro a kayendetsedwe ka mapulojekiti, pamwamba, chonsecho ndangoyamba kumene kuwerenga, mayeso sindinalembe. Ndinakana, poopa kudzasowa chonena akadzandifunsa setifiketi.

Vuto lake kashopuko n'kopanikiza, ndiye zolakwa zako amakuuza anthu odzajambulitsa mapepala akumva. Magetsi akazimanso umangokhala pabenchi. Koma mtengo wake ndi wosaboola m'thumba, ndipo CV yokonzedwayo amakutumizira pa WhatsApp. Ndibwererakonso ndi kalata yofunsira ntchito, koma ndilawirira anthu asanadzaze.