Kugulitsa inshuwalansi ku America: chigawo chilichonse chili ndi chipata chake

Abale anga kumudzi,

Ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti, popeza Amalawi tachuluka kuno, bwanji kampani ya inshuwalansi ya kwathuko osabwera kudzatigulitsa inshuwalansi ya maliro, kuti wina akatisiya thupi lizibwera kumudzi popanda msonkhesonkhe. Ganizoli ndimalimvetsa. Kutumiza thupi pa ndege kuchokera kuno kumadya madola masauzande angapo, ndipo ku South Bend, mzinda wa m'chigawo cha Indiana komwe kuli abale athu ambiri, zovuta zikagwa aliyense amapisa m'thumba. Ine ndimagwira ntchito ku Indianapolis, mu ofesi ya kampani ina ya inshuwalansi, ndipo ntchito yanga ndi yosonkhanitsa mapepala opemphera chilolezo kampaniyo ikafuna kuyamba malonda m'chigawo china. Ndiye ndikuuzeni mmene zimayendera.

Choyamba n'chakuti kuno kulibe chiphaso chimodzi chogwira ntchito m'dziko lonse. Kwathuko kampani ikalandira laisensi kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, imagulitsa kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Kuno zigawo zilipo 50, ndipo chilichonse chili ndi dipatimenti yakeyake ya inshuwalansi, komishonala wake ndi malamulo ake. Kampani yathu inabadwira ku Indiana, koma ikangodutsa malire kulowa ku Ohio kapena ku Illinois imasanduka mlendo, iyenera kugogoda ndi kupempha chiphaso chotchedwa certificate of authority. Zili ngati munthu wofuna munda: mfumu ya mudzi uno ikakupatsa malo, sizitanthauza kuti ungakalime kutsidya kwa mfumu ina usanakaonekere. Ngati kampani ya chigawo choyandikana imachita kupempha chonchi, nanji ya ku Blantyre kapena ya ku London.

Zimenezi zinayamba kalekale. Munthu wina dzina lake Samuel Paul ankagulitsa ku Virginia inshuwalansi ya moto ya makampani a ku New York. Lamulo la Virginia linkafuna kuti kampani yochokera kunja kwa chigawocho isiye chikole cha madola pakati pa 30,000 ndi 50,000 m'manja mwa msungichuma wa boma. Makampaniwo sanasiye, Paul anagulitsabe, ndipo anamulipiritsa chindapusa cha madola 50. Mlanduwo unakafika ku khoti lalikulu la dziko lino, ndipo mu 1869 khotilo linaikira kumbuyo Virginia. Mu 1944 khoti lomwelo linasintha maganizo pa mlandu wa South-Eastern Underwriters, n'kunena kuti boma lalikulu la ku Washington likhoza kulowererapo. Koma chaka chotsatira, 1945, aphungu anakhazikitsa lamulo la McCarran-Ferguson lomwe linasiya udindowu m'manja mwa zigawo. Ndi mmene zilili mpaka lero.

Makomishonala a zigawo ali ndi bungwe lawo, National Association of Insurance Commissioners, lomwe tonse timangoti NAIC, ndipo linayamba mu 1871. Bungweli linakonza fomu imodzi yopemphera chiphaso, ya UCAA, yomwe zigawo zonse zimalandira. Yatichepetsera ntchito ndithu, koma fomu kukhala imodzi sikuti yankho ndi limodzi. Chigawo chilichonse chimawerenga pachokha, chimawonjezera zofuna zake, ndipo chikhoza kukana pomwe chinzake chavomera. Cholinga chawo n'chakuti pempho la kampani yomwe ili kale ndi chiphaso kwina aliyankhe m'masiku 60, koma masikuwo amayamba kuwerengedwa mapepala akakwana onse, ndipo akakufunsani funso, wotchi imaima.

Nanga amafuna chiyani? Mpamba wokwanira malinga ndi mtundu wa inshuwalansi imene mukufuna kugulitsa, komanso ndalama zina zapadera pamwamba pa mpambawo. Kalata yochokera kwa komishonala wa kwanu yotsimikiza kuti mulibe mlandu ndipo mumatsata malamulo. Malipoti a zachuma ofufuzidwa ndi akatswiri oima paokha. Ndondomeko yonena zomwe mudzagulitse, kwa ndani, ndiponso mmene mukuonera kuti ndalama zidzayendera zaka zikubwerazi. Chikole chija cha nthawi ya Paul chikadalipo. Zigawo zina sizilandira kampani yakhanda, zimafuna kuti ikhale itagwirapo ntchito zaka zingapo kwawo. Ngakhale dzina amaliunika, kuti lisafanane ndi la kampani ina yomwe ilipo kale.

Mbali imene imandidyera nthawi kwambiri ndi mbiri za akuluakulu a kampani. Dairekitala aliyense ndi bwana aliyense wamkulu amalemba fomu yolumbira pamaso pa notary (munthu wololedwa ndi boma kulumbiritsa anthu ndi kudinda mapepala), kufotokoza komwe anaphunzira, ntchito zonse zimene wagwira zaka 20 zapitazi, ngati anazengedwapo mlandu, ngati kampani ina inagwerapo m'manja mwake. Kenako kampani ina yapadera imatsimikiza zonsezo chimodzichimodzi, ndipo zigawo zina zimafunanso zidindo za zala. Ndinakhalapo ndi fayilo ya bwana wina amene anasiya miyezi ingapo osalemba kanthu pakati pa ntchito ziwiri. Munthuyo ankangodwazika mayi ake nthawi imeneyo. Fomu inabwezedwa, ndinayenda nayo kukwera ku ofesi yake, analemba mzere umodzi wofotokoza, tinaitananso notary kudzadinda, pempho lonse la kampani likudikira mzere umenewo. Poyamba ndinkaona ngati kuvutitsana, koma anthu amenewa ndi amene adzasunge ndalama za amasiye zaka makumi atatu zikubwerazi, ndipo ine ndikuona kuti boma likuchita bwino kufuna kuwadziwa mpaka kuseri.

Pali pepala lina laling'ono, lomwe kwa ine ndi lofunika kuposa onse. Kampani imasaina kuti ikuvomera kulandira samani m'chigawo chomwecho, ndipo imatchula munthu kapena ofesi, kawirikawiri komishonala yemweyo, yolandira samaniyo m'malo mwake. Ndiye kuti mayi wa ku Ohio akamanidwa chipukutamisozi, sachita kukwera basi kukasumira ku Indiana. Amasuma kwawo komweko.

Kampani yochokera dziko lina ili ndi njira ziwiri zazikulu ngati ikufuna chiphaso chenicheni. Ikhoza kutsegula kapena kugula kampani yakuno, yomwe izikhala ndi mpamba wakewake. Apo ayi imatsegula nthambi, n'kusankha chigawo chimodzi cholowera, monga New York, chomwe chiziiyang'anira ngati kwawo. Ikatero iyenera kuika chuma m'manja mwa banki yakuno ngati msungi, chuma chosungidwira anthu akuno okha amene agula inshuwalansi yake, choti likulu la kampaniyo silingachitenge mwachisawawa zinthu zikavuta kwawoko. Ikamaliza zimenezo m'pamene imayamba kuyenda chigawo ndi chigawo ngati mmene timachitira ifeyo. Ndipo chiphaso chikatuluka ntchito sinathe: m'zigawo zambiri mawu a m'pangano la inshuwalansi amayenera kukaperekedwa ku dipatimenti asanayambe kugulitsidwa, ndipo ejenti aliyense wogulitsa amafunikanso laisensi ya chigawo chimene kasitomala akukhala.

Mwina wina anamvapo kuti Lloyd's ya ku London imachita malonda ambiri kuno popanda chiphaso cha chigawo chilichonse. N'zoona, pali khomo lam'mbali lotchedwa surplus lines, la zinthu zoopsa kapena zachilendo zimene makampani achiphaso akukana, monga mafakitale a mankhwala kapena nyumba za m'mphepete mwa nyanja komwe kumawomba mphepo zamkuntho. Koma nakonso sikolowa chilowelowe. Amagulitsa ndi mabroka (amkhalapakati a kampani ndi kasitomala) a laisensi yapadera, makampani a mayiko ena amayenera kukhala pa mndandanda umene NAIC imatulutsa miyezi itatu iliyonse, ndipo lamulo la Dodd-Frank la 2010 linaika mlingo wa mpamba wa madola 15 miliyoni kwa makampani a zigawo zina ofuna kulowera khomo limeneli. Khomoli kwenikweni ndi la katundu ndi ngozi zamabizinesi. Inshuwalansi ya maliro ya banja sidzera pamenepo.

Kusiyana kwake kumaonekera tsiku la tsoka. Kampani yachiphaso imakhala membala wa thumba lachitetezo la chigawocho. Ikagwa, makampani anzake amasonkha n'kulipira anthu ake mpaka pa mlingo woikika. Pa inshuwalansi ya moyo, m'zigawo zambiri mlingowo ndi madola 300,000. Amene anagula kwa kampani yopanda chiphaso, thumba limeneli silimudziwa.

Ndinaziona ndi maso anga kutchalitchi kwathu. Mayi wina ankalipira mwezi ndi mwezi kwa kampani ina ya kunja kwa America, yomwe anaidziwira pa Facebook kudzera mwa munthu wolankhula chilankhulo chathu. Bambo a kunyumba kwawo atamwalira, anayamba kuuzidwa kuti tumizani pepala ili, tumizani pepala ilo, kenako foni osayankhidwanso. Anabwera kwa ine atanyamula envelopu ya malisiti onse, osasowa ngakhale limodzi. "Achimwene, inu mumadziwa za zimenezi, tandithandizeni," anatero. Tinakhala pansi n'kufufuza dzina la kampaniyo pa webusaiti ya dipatimenti ya chigawo chathu. Silinapezeke. Kunalibe chikole choti boma ligwire, kunalibe woti alandire samani kuno. Dandaulo tinalemba ndithu, koma thupi linapita kumudzi ndi ndalama za msonkhesonkhe womwewo umene mayiwo ankauthawa.

Choncho kwa inu amene muli ndi abale kuno, auzeni kuti asanalipire kalikonse afunse dzina lonse la kampani ndi nambala yake ya NAIC, yomwe imakhala ya manambala asanu, n'kukaiyang'ana pa webusaiti ya dipatimenti ya inshuwalansi ya chigawo chimene akukhala, osati cha mnzawo. Ayang'anenso laisensi ya ejentiyo pomwepo. Sizilipiritsa.

Kwa inu a makampani a kwathuko amene mukuganizira za Amalawi akuno, ndalama zoti mumange m'chikole ndi kulipira maloya zikhoza kuposa zonse zimene mungatolere kwa ife, chifukwa tamwazikana m'zigawo zambiri: ena ku Indiana, ena ku Texas, ena ku Maryland. Njira imene ndikuona kuti ingatheke ndi kugwirizana ndi kampani yakuno yomwe ili kale ndi ziphaso m'zigawo zimenezo. Iyo igulitse ndi kulipira kuno, inu mugwire mbali ya kwathuko: kulandira thupi ku Chileka kapena ku Kamuzu International Airport, galimoto yopita kumudzi, ndi zofunika pa siwa.