Maphunziro a zolinga a ku Kamuzu Road: zimene ndinapeza pa K15,000 yanga

Anzanga a geni akhala akundifunsa ngati maphunziro a Loweruka aja, ochitikira m'holo ya tchalitchi kuseri kwa Kamuzu Road ku Salima, ali oyenera kulipirira. Ine ndinachita nawo mu Okutobala 2023, Maloweruka anayi. Geni yanga ndi ya usipa. Ndimaoda ku Senga Bay, nthawi zina ku Chikombe, ndikuyanika pa thandala, kenako ulendo wa ku Lilongwe.

Loweruka loyamba silinandisangalatse, ndisaname. Aphunzitsi ake, bambo achikulire opuma pa ntchito ya ulangizi, anatha m'mawa wonse akutisimbira za anthu olemera a kunja. Mapepala amene anatigawira anali a Chingerezi chokhachokha, chonsecho ambiri a ife tinalekeza ku pulayimale. Dzuwa la Salima mwezi umenewo mukulidziwa, ndipo holoyo ilibe siling'i. Amayi awiri sanabwererenso.

Sabata yachiwiri ndiyo inandigwira mtima. Anatifunsa mmodzimmodzi.

"Inu mayi a usipa, mukufuna chiyani?"

"Geni yanga ikule, bambo."

"Ikakula, kenako?"

"Ndizipeza ndalama zambiri."

"Zoti mutani nazo?"

Anandifunsa choncho mpaka mayankho oloweza anandithera. Ndinangozindikira ndikunena za mayi anga ku Khombedza, amene dzinja lililonse amasuntha mphasa usiku kuthawa madontho m'nyumba ya udzu. Misozi inalengeza, pagulu pomwepo. Iwo sanandifulumize. Anangoti nditsegule kope ndilembe zimenezo pa tsamba loyamba. Zaka zonse ndakhala ndikudzuka m'mbandakucha kukadikira mabwato, koma chimene ndinkadzukira ndinali ndisanachitchulepo ndi pakamwa.

Zitatero tinalowa m'masamu, ndipo apa ndiye pamene ndalama yanga inagwira ntchito. Denga la mayi linkafuna malata 24. Tinawerengera phindu la pa ndowa imodzi titachotsa thiransipoti, chiphaso cha mumsika ndi usipa wonyenyeka. Tinachotsanso masiku amene mwezi umawala, poti usipa amaukopa ndi nyali ndipo umasowa kukayera, komanso Juni ndi Julaye pamene mwera umaletsa asodzi kulowa m'madzi. Bambowa nyanja amaidziwa, sankangonena za m'buku. Pomwepo ndinaona poyera kuti ndinkadya mpamba: ndiwo apa, chipepeso apo, m'bale akabwera ndi vuto ndinkangopisa m'kachikwama komweko.

Pofuna kutimvetsa za mpamba anatipatsa chitsanzo cha kwathu konkuno, chilumba cha Mbenji, kwa Mfumu Makanjira. Kumeneko usodzi amatseka mu Disembala n'kudzatsegula mu Epulo, ndipo mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Asodzi amavomera kusiya nsomba zili m'madzi kuti ziswane, n'chifukwa chake akatsegula kumakhala utaka. Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi zikwama ziwiri, ndipo cha mpamba sinditsegula ngakhale kunyumba kugonedwe ndi masamba.

Langizo lina ndinalimvetsa mochedwa. Anatiuza kuti cholinga tisachilembe m'makwacha, tichilembe m'zinthu, ndipo kandalama kakapezeka tizigula pomwepo, ngakhale lata limodzi. Ndinachita choncho monyinyirika, poti ndinkafuna kudikira kugawana kwa ku banki mkhonde kuti ndidzagule onse pakamodzi. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo m'mahadiweya n'kukwera. Ine ndinali nditasunga kale malata asanu kuseri kwa bedi. Mnzanga amene anasunga ndalama yoti agulire makina osokera anapeza kuti sikukwananso, ndipo zinamufooketsa kwambiri.

Chodandaula changa chachikulu ndi cha pambuyo pa maphunziro. Anatilonjeza kuti azitiyendera mwezi ndi mwezi kudzaona makope athu, koma kwa ine anabwera kamodzi kokha. Zotsalazo zinasamukira pa gulu la WhatsApp, ndiye amayi a timafoni ta mabatani anangotsala m'malere. Izi zimandipweteka, chifukwa iwowo ndi amene amafunika kuyenderedwa kwambiri. Akonzenso mapepala aja akhale m'Chichewa, si nkhani yovuta.

Kwa wofunsa ngati apite, ndikuti pitani, koma musakayembekezere ngongole kapena alawansi, kulibe. Tengani kope, botolo la madzi, ndi mitengo yeniyeni ya katundu wanu, yoodera ndi yogulitsira, chifukwa akakufunsani. Loweruka loyamba mukangopirira.

Ine ndinalemba kuti denga la mayi ndilimaliza m'miyezi 10, koma zinanditengera miyezi 14. Mmisiri anakhoma lata lomaliza mu Disembala 2024, mvula itayamba kale kugwa. Pa tsamba lachiwiri la kope lija tsopano pali fizi ya mwana wanga wamkazi, amene akukonzekera mayeso a MSCE.