Nsomba za m'damu: mlamba ndagwirizana nawo, makumba ayi kwenikweni

Ndimagulitsa nsima pa Kamuzu Road ku Salima. Mwera ukamaomba asodzi a ku Senga Bay salowa m'madzi, ndipo chambo chimakwera mtengo koopsa, choncho ndinayamba kuoda nsomba kwa mlimi wina wa madamu wa konkuno. Pa kusunga nthawi bambowa sindingawanene. Amafika mmamawa nsomba zili pa ayezi, maso ali ngwee, milamba ina ikuphiriphithabe.

Nkhani yagona pa mnofu. Makumba awo amawakolola akadali aang'ono, osakwana chikhatho. Ukapala mamba, n'kuchotsa matumbo, mutu ndi minga, pa kilo imene walipira umatsala ndi gawo limodzi mwa atatu basi. Chambo cha m'nyanja nachonso n'chimodzimodzi, koma chija chimakhala chachikulu, kasitomala amaona chinthu m'mbale. Makumba awa m'mimba mwadzaza mafuta oyera, chizindikiro choti madeya ndiwo akuchuluka pa chakudya chawo kuposa soya. Mafuta abwino aja a omega-3 nsomba imawatenga ku zimene ikudya, ndiye ya madeya okhaokha musaiyembekezere zambiri. Ena mwa makumbawo ankamveka kafungo ka matope ngakhale nditawanyika m'madzi a mandimu.

Mlamba ndi nkhani ina. Chimutu n'chachikulu, inde, koma ulibe mamba, ndipo kuchoka pakhosi kukafika kumchira ndi mnofu wokhawokha wozungulira fupa limodzi. Mlamba umodzi ndimadula mapisi asanu, mutu n'kupita mu msuzi. Amayi obwera ndi ana amaukonda poti saopa minga. Mlendo wina wodutsa anandiuza kuti umamukumbutsa sturgeon, nsomba yomwe amaweta ku China ndi ku Italy makamaka pofuna mazira ake, yomwenso mnofu wake ulibe timinga. Ijatu amaidikira zaka kuti ikhwime. Mlamba miyezi ingapo wakwana. Dziwani chabe kuti makasitomala ena sadya nsomba yopanda mamba chifukwa cha chipembedzo, ndiye mlamba ndimaukazinga m'chiwaya chakechake.

Nsomba za mlimiyu ndikuzipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Mlamba ndipitiriza kuoda sabata iliyonse. Makumba ndawauza bambowo kuti aziwasiya akuleko kaye, apo ayi atsitse mtengo wa kilo.