Makina a mphepo opangira magetsi: nyenyezi ziwiri mwa zisanu

Ndinagula makinawa kumayambiriro kwa 2023, nthawi ija madzi atachepa kudamu la magetsi la Kariba ndipo kuno ku Mabvuku, mumzinda wa Harare, magetsi ankabwera usiku anthu titagona, n'kuzimanso tambala asanalire. Sola ndinali nayo kale, mapanelo awiri, koma batire linkatha pakati pa usiku, nsomba za malonda mufiriji n'kuyamba kusungunuka. Wogulitsa m'tauni anandiuza kuti mphepo sigona, idzadzaza batire dzuwa litalowa. Ndinatulutsa madola 450, osawerengera mlongoti, mawaya ndi mnyamata wodzamanga.

Pa katoni analemba kuti 400W, kutanthauza mawati 400. Sananame ayi, koma mphamvu imeneyo imatuluka mphepo ikamathamanga mamita 12 pa sekondi, pamene madera ambiri a Zimbabwe kamphepo ka masiku onse kamangozungulira pa mamita atatu. Mwana wa achimwene amene amaphunzira za magetsi ndiye ananditsegula m'maso: mphepo ikatsika ndi theka, magetsi satsika ndi theka, amatsala gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu. Tinawerengera limodzi pa mamita atatu aja, tinapeza mawati asanu ndi limodzi basi. Kababu kamodzi! Choncho mapiko amazungulira ndithu, anthu odutsa n'kumasirira, koma kubatire kuli zii.

Mu Ogasiti ndi Seputembala, mphepo ya fumbi ija ikamawomba, amayesetsako, ndipo nyenyezi ziwirizo ndawapatsa chifukwa cha miyezi imeneyi. Koma imeneyonso ndi miyezi yomwe dzuwa limaswa mtengo, sola ikukwanira yokha. Mu Januwale ndi Febuluwale, kumwamba kutaphimba mitambo, pamene ndimawafunitsitsa, amangoima ngati chiopsezo cha mbalame m'munda.

Phokoso nalonso lilipo. Poyamba tinamangirira mlongoti kukhoma, nyumba yonse inkanjenjemera, mayi a kunyumba mpaka anati mwina tisamukire kukhitchini. Tinausuntha, ndalama zinanso. Patatha chaka mabering'i anayamba kulira, ndipo sitolo ija inati zipangizo zosinthira n'zoitanitsa kunja.

Ena amati ndikanangowonjezera mapanelo n'kulowa ndondomeko ya net metering, imene boma linakhazikitsa mu 2018, yoti magetsi otsala uzibweza kunthambo. Pa pepala n'zabwino, ngati mmene inalili mfundo ya boma imene inkafuna mamegawati 1,100 a mphamvu zongowonjezereka, monga za dzuwa ndi mphepo, pofika 2025. Koma pamafunika inveta (chipangizo chosintha magetsi a sola kuti afanane ndi a kunthambo) yamtundu wina yodula, ndipo magetsi a kunthambo akazima sungabweze kanthu. Wogulitsa nsomba ngati ine ndingazikwanitse?

Amene muli pamtunda poyera, kopanda nyumba ndi mitengo, yezani kaye mphepo yanu musanagule. Ife a m'malokesheni, madola 450 amenewo gulirani batire lachiwiri. Makina angawa ndikugulitsa, mlongoti ndikupatsani ulere.