Galette ya ku Kabulonga: pitani muli ndi nthawi, osati njala ya nsima

Loweruka m'mawa anthu ambiri a ku Kabulonga, dera la ochita bwino mumzinda wa Lusaka, sasonkha moto. Amadzuka dzuwa litakwera, n'kupita kukadya cha m'ma 11 koloko chakudya chimodzi chophatikiza kadzutsa ndi nkhomaliro. Chibwerereni kuchokera ku Lilongwe ndinkangozimvera kuntchito zimenezi, mpaka alamu anga a ku Chipata atatikoka ine ndi achimwene kuti tikalawe za Chifalansa. Malo odyerawo ndi nyumba yomwe kale munkagona anthu, ili mkati mwa mpanda, ndipo matebulo ambiri ali panja pansi pa mitengo. Chikwangwani ndi chaching'ono kwambiri moti tinachipitirira.

Menyu yawo ili ndi mbali ziwiri, ndipo apa ndi pomwe munthu angataye ndalama. Mbali ina ndi ya crêpe, zopyapyala zotsekemera za ufa wa tirigu, mkaka, mazira ndi batala. Mbali inayo ndi ya galette, zamchere, za ufa wa buckwheat. Buckwheat si tirigu, ndi njere za chomera china ndipo mulibe gluten, chinthu cha mu tirigu chomwe anthu ena sichiwayanja. Kwawo kwa zakudya zimenezi ndi ku Bretagne, kumpoto chakumadzulo kwa France, komwe nthaka yake tirigu sankachita bwino koma buckwheat ankabereka. Chinali chakudya cha alimi osauka. Lero tikuchidyera ndi mpeni ndi foloko ku Kabulonga, titavala zakutchalitchi.

Ine ndinaitanitsa galette complète: ham (nyama ya nkhumba), tchizi cha emmental ndi dzira limodzi pakati, m'mbali mopindidwa kanayi kuti chikasu cha dziralo chizionekera. Imabwera yoderako, ya timabowo ting'onoting'ono, m'mphepete mouma moti mpeni ukakhudza imathetheka, koma pakati pofewa ndi tchizi. Kakomedwe kake kali ndi kuwawira pang'ono ndi kafungo ka zokazinga. Amene munakulira mgaiwa mumvetsa msanga: galette ndi crêpe zimasiyana monga mgaiwa ndi ufa woyera, china chimamveka kuti chachokera m'munda, chinacho n'chosalala basi. Mchere anayeza bwino, batala sanaumire. Mbale imeneyi yokha ndiyo ingandibwezere kumeneko.

Ndinadzuka kukaonerera pomwe amaphikira, chifukwa khitchini ndi yotsegula. Wophika ndi mtsikana wa konkuno, ankacheza ndi anzake m'Chinyanja cha mu Lusaka uku dzanja likugwira ntchito. Amathira chipande chimodzi cha phala la ufalo pa chiwaya chachitsulo chozungulira chopanda m'mphepete, n'kutenga kamtengo kooneka ngati chilembo T, kuzunguza kamodzi, phala lonse layala mopyapyala mofanana. Sabwerezanso. Ndayesapo kunyumba ndi supuni, zimatuluka chapati.

Koma ziwaya zimenezi zilipo ziwiri zokha, ndipo Loweruka anthu amadzaza. Mbale yanga inafika, ya achimwene inatsatira, ya alamu inabwera ine nditapukuta kale pakamwa. Galette siyidikira munthu, ikazizira imalimba, ndiye ulemu wodikirana patebulo muusiye kunyumba. Magetsi anathimanso tili pomwepo. Ziwaya ndi za gasi, kuphika sikunaime, koma makina a khofi anaima, ndipo pomwe jenereta imalira khofi wa alamu anabwera wofunda chabe. Woperekera zakudya anapepesa mwaulemu, "Pepani amayi, ndikubweretserani wina," ndipo anabweretsadi osawonjezera pa bilu.

Ku Bretagne galette amatsitsira ndi cider, mowa wa maapulo, womwera m'timbale tadothi. Kuno anali ndi wa m'botolo wa ku South Africa, wotsekemera kwambiri, amene amaphimba kukoma kwa buckwheat. Madzi a mandimu akuchita bwino kuposa ameneyo.

Za mbali yotsekemera sindichedwapo. Ya nthochi ndi chokoleti chopaka, yomwe matebulo ambiri ankaitanitsa, ndi yolemera ndipo pofika theka mlomo watopa. Ana angaikonde. Yoyenera ndalama zanu ndi ya caramel wa batala wamchere, amenenso ndi wa ku Bretagne komweko. Mchere uja umadula shuga, ndipo tinalimbirana chidutswa chomaliza ine ndi alamu. Imodzi imakwanira anthu awiri.

Tsopano mtengo. Ufa wa buckwheat simungaupeze pa Soweto Market, tchizi chija nachonso ndi chakunja, ndiye bilu imaonetsa zimenezo. Ndalama ya galette imodzi ndi khofi mungadyere nsima ya nkhuku ya lokolo ndi ndiwo zamasamba ku Matebeto, malo odyera zachikuda a ku Thornpark, inu ndi mnzanu, chenji n'kutsala. Achimwene anamaliza yawo m'kanthawi kochepa, n'kuyang'ana kukhitchini ngati kukubwera zina. "Achemwali, imeneyi inali yolawitsa kapena ndi yomweyi?" Titafika kunyumba anatereka okha poto. Munthu amene wagwira ntchito yathukuta m'mawa asapite kuno kukafuna mphamvu. Ndi malo okhala pansi, kucheza maola awiri, mwezi utangotha kumene. Palibe amene anatithamangitsa patebulo ngakhale tinamaliza kalekale, ndipo ichi ndinachiyamikira.

Fikani isanakwane 10 koloko ngati simukufuna kudikira. Pa 2 February Afalansa amakumbukira Chandeleur, tsiku lomwe Akatolika amakumbukira kuperekedwa kwa Yesu m'Kachisi, ndipo mwambo wawo ndi kudya ma crêpe, choncho tsiku limenelo ndi bwino kusungitsiratu tebulo. Pamalopa amalandira khadi komanso ndalama za pafoni.

Chinanso muwauziretu poitanitsa ndi cha dzira. Iwo amalisiya chikasu chili chamadzi kuti mukachiboola chiyenderere pa galette yonse ngati msuzi, ndipo ine ndimakonda choncho. Alamu atangochiona anakankhira mbale kutali. "Alamu, dzira laliwisi ine ayi." Anaibweza kuchiwaya, koma pobwera m'mphepete munali mutapserera. Ngati nanunso muli a dzira lopsa bwinobwino, nenani asanathire phala pamoto.